Mabuku Awiri a Malisiti

Ine ndine uja wa chipewa cha khonsolo,
amene amayi a pa Kapata akandiona patali
amakankhira kampango ka ndalama pansi pa lichero.
Sikisi koloko isanakwane ndafika kale,
bolopeni kukhutu, malovu pachala,
kung'amba malisiti ngati wosadzula chibwabwa.

Faifi kwacha pa tebulo.
Faifi kwacha ngakhale pa thumba loyala pansi.
Wa makala, wa kapenta, wa salaula,
mnyamata wa njinga wopalasa nzimbe kuchokera ku Mwami,
onse ndimawauza zomwe anandiloweza ku ofesi:
msonkho ndi mbewu, mudzakolola mlatho.

Mlathowo ulipo ndithu, pa chikwangwani.
Anaujambula wabuluu,
pali mayi akuwoloka akumwetulira, mwana kumsana.
Mwala wa maziko anauyika katatu:
chaka cha mavoti, chaka cha mavoti chinzake,
ndi tsiku lija kunabwera eni ngongole ndi makamera.
Gireda inatsika pa lole, inakanda mayadi makumi awiri,
inatsokomola, inazima.
Lero nkhuku ya amake Dailesi
imaikira pansi pa mpando wa dalaivala.

Chimene sindinena pamsika n'chakuti
mabuku ndili nawo awiri.
Lachikasu limapita ku khonsolo.
Loyera ndimakapereka Lachisanu madzulo
kuseri kwa bala, m'galimoto ya magalasi akuda,
kwa bwana amene sindimutchula ngakhale m'pemphero.
Amawerenga osandiyang'ana,
n'kundiponyera ya sopo.
Nyumba yake yakwera phiri la Kanjala,
ndipo phula limathera pageti pake penipeni
ngati galu wodziwa mbuyake.

Nane ndadya, ndisaname.
Yunifolomu ya Tionenji inachoka m'buku loyera.
Malata sikisi a chipinda chakumbuyo, momwemo.

Mu Febuluwale mtsinje unadzaza usiku umodzi.
Ailedi Shawa, wa tebulo lachitatu kuchokera pa mpopi wouma,
anayima kutsidya ndi mpongozi wake, matenda atayamba.
Ambulansi inayima tsidya lino,
nyali zake zikuzungulira pachabe pamwamba pa madzi.
Anamuwolotsa pa chitseko, amuna anayi, madzi m'khosi.
Mayi anapulumuka.
Mwana sanalire.

Patapita masabata atatu Ailedi anabwerera pamsika.
Ndinafuna kulambalala tebulo lake.
Anandiyitana: "A Miti, bwerani mutenge yanu."
Anapereka faifi kwacha yopindapinda,
kenaka anatsegula chitini cha mabisiketi chadzimbiri.
M'katimo malisiti a zaka khumi ndi chimodzi,
omangidwa ndi mphira wa chubu, mwezi ndi mwezi.

"Dzulo ndinawayala pabwalo," anatero,
"kuyambira pakhomo mpaka pa mango wa aneba,
ndinabwerera nawo, ndinapitanso, sanathe.
Kamtsinje kaja akanakawoloka kakhumi."
Sanakweze mawu.
Ntchentche anaikupiza pa tomato, n'kufunsa chabe:
"Nanga bwanji ena ndi achikasu, ena oyera?"

Ndinayang'ana nsapato zanga.
Ndinati amasindikiza ku Lusaka, mapepala amasiyana.
Anagwedeza mutu pang'onopang'ono,
natambasula dzanja kuti ndimupatse la tsikulo.
M'thumba munali loyera lokha.
Analiyang'ana mbali zonse ziwiri
ngati nsalu yomwe sakufuna kugula,
analiyika m'chitini pamodzi ndi anzake.

Pawailesi akuti chaka chamawa msonkho ukwera,
seveni kwacha, kuti atikumbire ngalande.
Lero ndi Lachinayi.
Buku loyera lili pansi pa matiresi,
latsala masamba naini.
Ndasamba m'manja kawiri ndi sopo yemwe uja,
inki ya kaboni yakana kuchoka m'zikhadabo.

Mkazi wanga wakhala pakhomo, miyendo yotupa,
mimba ya miyezi isanu ndi itatu.
Akufunsa ngati ndamva mabingu cha ku Chadiza.
Ndamva.
Nafenso timakhala tsidya lomwelo.